Mdani Anabwera Masana

Ndinkamudikira usiku.
Ndinkatseka zitseko ndi pemphero,
kudzudzula kadzidzi pa mtengo wa bwemba,
kusala kudya Lachitatu lililonse
mpaka milomo kuchita mbuu.
Pa Khombedza ponse ankadziwa
kuti mdima ukafika pakhomo pa Nasimango
umabwerera chafutambuyo.

Koma iye anabwera masana,
dzuwa lili paliwombo,
wopanda nyanga, wopanda mchira,
mawu ake ofanana ndi anga:
"Mpunga watsika mtengo ku Lifuwu.
Ndalama za malata a tchalitchi zangogona m'chitini.
Bwereka. Loweruka ubweza."

Ndinatenga zikwi makumi anayi.
Dzanja silinanjenjemere n'komwe,
ndicho chimandiopsa mpaka lero.

Loweruka linafika mwana akutentha thupi.
Lina linafika matumba awiri atanyowa pa lole.
Ndinabwereranso ku chitini, kawiri, kachitatu.
M'kope la msungichuma ndinaphunzira kulemba
naini wooneka ngati folo.
Lachinayi ndinkavalabe bulauzi yoyera,
yosita ndi makala mpaka kolala kuima njo,
ndikuyambitsa nyimbo, mawu pamwambamwamba,
ine nsichi yodyedwa ndi chiswe:
kunja kosalala, m'kati fumbi lokhalokha.
Ndinalondera makomo onse
kupatula lomwe anthu ankanditama nalo.

Mvula yoyamba inatipeza tili m'mapemphero,
denga laudzu likudonthera mabenchi a ana,
ana akusuntha, akuseka, akusunthanso.
Palibe anandiloza chala,
koma dontho lililonse linkatchula dzina langa.

Ndinaimirira, mawondo akuwombana.
"Amayi anzanga, m'chitini mulibe kanthu.
Musafune wakuba kutali. Ndine."
Kunangoti zii.
Kunkamveka madzi okha akugwera m'beseni.

Miyezi isanu ndi umodzi, anatero akulu a mpingo.
Bulauzi ndinaipinda pansi pa sutikesi.
Pa mjigo nkhani zinkaduka ndikatsitsa ndowa.
Apo mdani anabweranso,
ulendo uno atavala jekete la mlaliki,
akulankhula za chiyero cha Mulungu bwino kuposa abusa:
"Wakutaya. Usamuvutitse ndi mapemphero ako.
Longedza, kabisale kwa mlongo wako ku Chipoka."
Nkhondo yoyamba ija inali masewera.
Iyi ndiyo inafuna kundimaliza,
chifukwa theka la mawu ake linali loona.

Yemwe anagogoda ndi Esinati,
Esinati yemweyo tinatukwanizana naye
mbuzi zake zitadya chinangwa changa.
Anatula ufa wa tiligu ndi mafuta m'botolo la Fanta.
Sanalalikire. Anangoti,
"Kazinga mandasi, ukagulitse kumsewu.
Inenso ndinagwapo, mnzanga,
kungoti kugwa kwanga sikunamveke."
Anakhala pansi n'kuyamba kukanda ufa
ngati ndi kwake komwe.
Ndinalira pamaso pake, mamina ndi misozi,
ine amene sindinalirepo pagulu ngakhale pamaliro.

Zikwi ziwiri sabata iliyonse.
Nthawi zina chikwi chimodzi, mafuta akakwera.
Sabata ina sindinapereke kanthu,
ndipo ndinapita kukanena ndekha
bodza lisanapeze mpando.

Tsopano chitini chili ndi maloko awiri,
makiyi kwa anthu awiri, ndipo ine si mmodzi wa iwo.
Ndimathokoza.
Usiku ndimapempherabe, inde,
koma pemphero lalikulu ndi la masana,
pomwe ndikuwerenga chenji, wogula atayang'ana kumbali:
"Ambuye, gwirani dzanjali.
Mukulidziwa."

Malata khumi ndi anayi akwera padenga.
Mbali yotsalayo ikadali udzu, ikadonthabe.
Ndimakhala komweko, kumbuyo, ndi ana,
osati podzilanga ayi,
koma kuti kuchokera pamenepo
ndimamva bwino mvula ikamenya malata atsopano,
phokoso lake kumiza nyimbo,
kumiza ngakhale mawu aja onong'ona,
ndipo ndimadziwa kuti Iye amene anandiona ndikutsegula chitini
sanachoke pakhomo panga
ngakhale tsiku limenelo.